Imvi zimadza zokha, ukulu umachita kulimidwa

Anthu amene akulowa ukalamba m'Malawi lero ndi opulumuka. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, Edzi inatenga anthu a zaka 30 ndi 40 ochuluka kotero kuti m'mphepete mwa misewu ina ya m'tauni munadzaza opala mabokosi a maliro. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, imfa inabwerera m'mbuyo, ndipo zaka zimene Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo, zomwe zinatsika kufika pansi pa 50, tsopano zadutsa 60. Choncho ambirife imvi zatipeza pamene achimwene ndi achemwali amene akanatitsogolera pa njirayi anagona kalekale. Tikukalamba popanda woonera. Munthu amangomva pamaliro akuti, "Tiyeni timve kwa akuluakulu," iye n'kucheuka kuti aone amene aimirire, osapeza wina. Akunena iyeyo.

Ndikulembera munthu ameneyu, amene mpando wamupeza asanakonzeke. Boma limamuwerengera m'gulu la achikulire akafika zaka 60, ndipo ngati ankagwira ntchito m'boma ndi pomwenso amapuma. Koma kalendala imangopereka zaka basi. Tonse tikuwadziwa agogo a msinkhu umodzi, okhala m'mudzi umodzi, koma osiyana kutalitali. Kwa ena pakhonde sipasowa munthu, ndipo mkamwini akayambana ndi apongozi ake onse amathamangira komweko. Kwa ena ana amalambalala, mdzukulu akatumidwa kukapereka ndiwo amasiya mbale pakhomo n'kuliyatsa liwiro. Si nkhani ya chuma, pakuti nthawi zambiri onsewo amagona pa mphasa. Chimene chawasiyanitsa ndi zomwe aliyense wakhala akuchita ndi mtima wake pa zaka zonsezi, pa nthawi imene panalibe womuona.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambiwu timakonda kuutchula tikafuna ulemu, koma dambolo sitiliyang'anitsitsa. Moto wolusa wa mu Okutobala ukafika m'dambo umazima chifukwa pansi pali chinyontho, ndipo chinyonthocho sichibwera tsiku la motolo. Ndi madzi a mu Januwale ndi Febuluwale amene analowa pansi pang'onopang'ono n'kusungika. Dambo likauma limapsa ngati thengo lina lililonse, mwinanso kuposa, poti udzu wake ndi wautali. Wachikulire wouma m'kati ndi woopsa chimodzimodzi. Kamlandu kakang'ono kakafika kwa iye kamasanduka chimlandu, chifukwa ali ndi nkhani za zaka 40 zoti akolezere. Madziwo ndiye amasungidwa bwanji? Ine ndikuti amasungidwa m'chizolowezi cha munthu payekha, cha tsiku ndi tsiku, chokhala chete pamaso pa Mulungu wake.

Ndanena dala kuti payekha. Dziko lathu ndi la anthu opembedza, ndipo achikulire ndiwo asenza mipingo. Amayi a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano ndi amene amachezera pamaliro, kuzonda odwala ndi kuphikira alendo a mpingo. Abambo ndiwo akulu a mpingo, atsogoleri a mphakati, osunga makiyi a mzikiti. Zonsezi n'zofunika ndipo sindikuzichepetsa. Koma munthu akhoza kuvala yunifolomu sabata iliyonse kwa zaka 30 mtima wake osakhudzidwa n'komwe, chifukwa pagulu timapemphera khutu lina likumvetsera ngati anthu akuvomera. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Pali zina zimene munthu sangazivomereze pa msonkhano wa amayi kapena pa bwalo la akulu a mpingo: kuti akuchitira nsanje mng'ono wake, kuti akuopa imfa, kuti zimamupweteka kuona wachinyamata akuyamikiridwa pa ntchito imene iye anaiyamba. Zimenezi zimatuluka chitseko chikatsekedwa, ndipo zikapanda kutulukira kumeneko zimadzatulukira pa ana.

Nzeru imeneyi sinabwere ndi amishonale. Achewa akale ankasiyanitsa munthu wotentha ndi wozizira. Ntchito zopatulika, monga kufulula mowa wa nsembe, zinkafuna wozizira, n'chifukwa chake zinkapatsidwa kwa amayi osiya kubereka ndi ana osatha msinkhu. Ku Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula m'malo mwa dziko lonse, omutumikira anali matsano, akazi odzipatula ku za m'banja. Kuzizira kumeneku kunali kwa thupi, inde, koma makolo ankadziwanso kuti nsembe ya munthu wosunga mangawa siipita patali. M'midzi yambiri wamkulu amene anakwiyira mwana wake ankavumata madzi n'kulavula pansi, kuonetsa kuti kumtima kwake kwayera. M'maganizo awo ukalamba unkamusendeza munthu kufupi ndi mizimu, ndipo woyandikira mizimu sankayenera kukhala ndi moto m'chifuwa. Mkhristu ndi Msilamu wa lero akhoza kusiyana ndi makolo pa za mizimu, koma pa mfundo iyi palibe chotsutsana.

Nthawi yochitira zimenezi ukalamba umapereka wokha. Ambirife tulo timatithawa tambala woyamba asanalire, ndipo timadandaula nazo. Ola limeneli lili ndi ntchito ziwiri, munthu amasankha. Akhoza kugona chagada n'kumawerenga onse amene anamulakwira kuyambira nthawi ya Kamuzu, kapena akhoza kudzuka, kukhala pansi n'kuyamba kutula. Msilamu ali ndi mwayi poti swala ya m'bandakucha imamudzutsa kale, ndipo zinayi zotsalazo zimamubweza pamkeka dzuwa lisanamuiwalitse. Mkatolika ali ndi kolona. Ena ali ndi Buku Lopatulika, lomwe lakhala m'manja mwa anthu athu kuyambira 1922, ndi nyimbo zimene anaziloweza ali ana. Chida chilichonse mwa izi n'chabwino, bola chisangokhala cholakatula. Tengani tsiku la dzulo muliyende kuyambira m'mawa: ndani ndinamubaya ndi lilime, ndani ndinamumana moni, n'chiyani chinandiwawa ndipo chifukwa chiyani. Tchulani adzukulu mayina mmodzimmodzi. Kenako tchulani dzina la munthu amene simufuna kulitchula, mumupempherere zabwino ngakhale pakamwa pakulemera. Mukatero khalani chete kanthawi osapempha kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yoyamba simuona chilichonse, mwina ngakhale chaka choyamba. Amayamba kuona ndi a m'nyumba mwanu.

Pa zonse zimene zimaumitsa wachikulire, mangawa ndiwo akulu. Ndipo tisanamizane, ambiri mwa mangawawo ali ndi maziko. Alipo mayi amene achibale a mwamuna wawo anawalanda nyumba maliro asanathe. Alipo bambo amene anagulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire, mwanayo ali ku Joni chaka chachisanu osaimba foni. Alipo gogo amene analera adzukulu asanu amasiye ndi ganyu, lero palibe womugulira sopo. Munthu wotere ukamuuza kuti angokhululuka umamunyoza. Komabe ndaona kuti mangawa, ngakhale oyenera, amadya mwini wake ndipo wolakwayo amanenepa. Amasintha nkhope, amasintha mawu, mpaka mdzukulu wosalakwa amalandira ukali umene unali wa bambo ake. Kukhululuka kwa wachikulire sikuchitika kamodzi pa mwambo. Munthu amatula lero, mawa n'kupeza katundu uja wabwerera pamutu, n'kutulanso. N'chifukwa chake chizolowezicho chiyenera kukhala cha tsiku lililonse.

Tikhale ndi chitsanzo cha kwathu konkuno. Mayi Vera Chirwa, mkazi woyamba wa Chimalawi kukhala loya, anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa mu Disembala 1981, ndipo mu 1983 khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo mayiwo sanaloledwe kukaika maliro a amuna awo. Anatuluka mu Januwale 1993 ali ndi zaka 60, msinkhu umene ambirife timati ntchito yatha. Ngati panali munthu woyenera kukalamba ndi ukali, anali iwowo. M'malo mwake anayambitsa mabungwe a Malawi CARER ndi Women's Voice, ndipo pambuyo pake anayenda m'ndende za m'maiko a mu Africa kuona mmene akaidi akusungidwira. Iwo sanabise kuti chikhulupiriro chawo mwa Mulungu ndicho chinawasunga m'zaka za m'ndende. Sanaiwale zimene anachitidwa ndipo sanasiye kuzitchula kuti n'zoipa, koma ululu wawo unasanduka chitetezo cha akaidi ena osawadziwa n'komwe. Ntchito yotembenuza ululu chonchi inagwiridwa m'kachipinda, pa zaka zimene panalibe woombera m'manja.

Chachiwiri chimene chimavuta kutula ndi mpando. Munthu amene wakhala akumveredwa amaopa tsiku limene adzalankhule anthu osatekeseka. Ndiye timaona mkulu wa mpingo amene sapereka mpata kwa wina kulalikira, wapampando wa komiti ya sukulu amene anakhalapo makolo a ana a lero ali m'kalasi, mwini golosale amene mwana wake wa zaka 45 amapemphabe chilolezo chogula shuga. Amati akuteteza chinthucho. Nthawi zambiri akudziteteza okha ku funso loopsa lakuti, ndikasiya ichi ndine yani? Funso limeneli silingayankhidwe ndi komiti. Amaliyankha ndi munthu amene anazolowera kukhala pamaso pa Mulungu wopanda udindo, wopanda tayi, wongodziwika ndi dzina lake la ubwana.

Julius Nyerere anatula yekha utsogoleri wa Tanzania mu 1985 ali ndi zaka 63, pa nthawi imene atsogoleri anzake ambiri mu Africa ankachoka pampando ndi mfuti kapena ndi bokosi. Anabwerera kumudzi kwawo ku Butiama n'kumalima. Anthu amene ankamudziwa amachitira umboni kuti anali munthu wopita ku Misa m'mawa pafupifupi tsiku lililonse. Ulamuliro wake unali ndi zolakwa zake, ndipo zina anazivomereza ndi pakamwa pake. Koma moto utabuka ku Burundi, iye ndi amene anapemphedwa kukhala mkhalapakati, ntchito imene anaigwira mpaka imfa yake mu 1999. Akanakakamira mpando sakanadalirika chonchi. M'Baibulo mulinso nkhalamba ina imene siitchulidwa kawirikawiri pa gome, Barizilai, wa zaka 80, amene anadyetsa mfumu Davide pothawa Abisalomu. Mfumu itamuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu, iye anakana. Anaiuza mosabisa kuti lilime lake silimvanso kukoma ndipo makutu ake samvanso oimba, napempha kuti mwayiwo upite kwa Kimhamu, wachinyamata. Anadziwa msinkhu wake ndipo sanachite nawo manyazi.

Tsono pali lilime. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mwambiwu timaugwiritsa ntchito poopseza ana. Koma uli ndi lamulo kwa wamkuluyonso: awalole mawuwo agonere. Ukalangiza lero, mawa n'kubwereza, mkuja n'kutuma mlongo wako kuti akabwerezenso, mawu aja sagona, amangosanduka phokoso. Nenani kamodzi, momveka, pa nthawi yabwino, kenako mukanenere Mulungu zotsalazo. Ndipo mwana akagwa m'dzenje limene munamuchenjeza, pamenepo ndi pamene ukulu umayesedwa. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi, n'zoona, koma wamkulu amene amamva kukoma potchula "si izi" wataya mwanayo kachiwiri. Wobwera ndi manyazi amafuna pokhala ndi madzi akumwa. Phunzirolo walitenga kale kunjira.

Wina asaganize kuti kuzizira kumene ndikunena ndi mantha kapena kungovomereza zilizonse. Galu wamkota sakandira pachabe, koma akakanda pamakhala kanthu. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula nkhanza ndi kusowa kwa ufulu. Wotsogolera maepiskopiwo anali Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre, munthu wa zaka zoyandikira 70, amene sankadziwika ngati wandale kapena wokonda mikangano. Anaitanidwa kupolisi, anaopsezedwa kuti aphedwa, koma sanabweze mawu, ndipo chaka chotsatira Amalawi anavota pa riferendamu. Mawu awo analemera chifukwa sanali anthu olankhula tsiku lililonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya. M'banja momwemonso: pamene mtsikana wa zaka 14 akukakamizidwa ukwati, pamene wamasiye akulandidwa munda, wamkulu amene wakhala chete pa zazing'ono ndiye ali ndi mphamvu yoimirira n'kunena kuti izi ayi.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa malangizo onga awa akhoza kusanduka chikwapu m'manja mwa anthu oipa. Sikuti gogo aliyense wosalidwa anadzichititsa yekha. Mu Januwale 2016 ku Neno, achikulire anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Nkhani zonga imeneyi sizinathe, ndipo bungwe loona za achikulire la MANEPO limazitchula chaka ndi chaka. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire, koma pepala silifika msanga pakhomo pamene pasonkhana anthu ndi miyala. Agogo ambiri amene amalankhula okha, kusochera usiku, kapena kuvomera milandu yosatheka akudwala matenda a ubongo oiwalitsa, amene amadza ndi ukalamba. Akufunika chipatala ndi wowayang'anira. Ena ndi aukali chifukwa cha njala ndi ululu wa mafupa basi. Inu achinyamata, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ndipo inu achikulire amene mawu anu akumvekabe m'mudzi, mnzanu akayamba kulozedwa chala musakhale chete poopa kuti mawa adzaloza inu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Thupi nalo lili ndi mbali yake m'nkhaniyi. Pemphero sililowa m'malo mwa mankhwala. Wodwala BP kapena shuga amene wasiya mapiritsi chifukwa mneneri wina wati wachira akuyesa Mulungu, ndipo wa shuga asayambe kusala kudya kwa masiku asanafunse kuchipatala. Amene akumwa ma ARV apitirize, ndiwo awafikitsa pa imvizi. Maso akayamba kuchita chifunga musafulumire kunena kuti ndi ukalamba, pakuti ng'ala imachotsedwa, ndipo ku zipatala za Nkhoma ndi Queen Elizabeth anthu ambiri aonanso atachitidwa opaleshoni yaifupi. Komabe tsiku lidzafika limene maso adzakanika kuwerenga ndipo miyendo idzakana ulendo wa kutchalitchi kapena kumzikiti. Tsiku limenelo munthu amatsala ndi zimene anasunga pamtima. N'chifukwa chake inu a zaka 40 ndi 50 ndikukupemphani kuti muyambe tsopano, kuloweza pamene mutu ukugwira, kuzolowera kukhala chete pamene phokoso la ntchito likadalipo. Amene amasamala odwala matenda oiwalitsa amadziwa kuti munthu akhoza kuiwala dzina la mwana wake koma n'kuimba bwinobwino nyimbo imene anaiphunzira ali wamng'ono.

Chomaliza chimene ola la m'bandakucha limaphunzitsa ndi kuyang'ana imfa osaphethira. Kwathu kuno timaopa kuitchula, ngati kuti kuitchula n'kuiitana. Zotsatira zake timaziona pamaliro: abale akukanganirana malata mtembo uli m'nyumba, ana a mayi wamkulu ndi a mayi wamng'ono osapatsana moni kumanda, mlandu wa munda wofika kwa a gulupu n'kukhala zaka. Moto umenewu amausiya ndi womwalirayo, amene anadziwa zonse koma sananene. Wamkulu amene wayanjana ndi imfa yake m'pemphero savutika kuchita zotsatirazi. Amaitana ana ndi eni mbumba dzuwa likuswa mtengo, n'kuyenda nawo m'malire a munda pamaso pa a mfumu. Amatchula ngongole zake ndi za amene ali naye ngongole. Ngati pali mwana wa kunjira amene banja silimudziwa, amamutchula yekha asanadzatulukire pa tsiku la maliro. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalola munthu aliyense wamkulu kulemba wilo, ndipo sipafunika kukhala wolemera: pepala lolembedwa bwino, losainidwa pamaso pa mboni ziwiri zimene sizikulandirapo kanthu, n'kusungidwa pamalo odalirika. Amene sadziwa poyambira akafunse ku ofesi ya DC kapena kukhoti la majisitireti la kufupi ndi kwawo, ndipo apite ndi mwana mmodzi wodziwa kuwerenga kuti akamve zonse pamodzi.